A Ndondomeko a ku Barking

Loweruka lapitali chinakwana chaka chimwalirire a Mbewe, amene tonse kuno tinkangowati a Ndondomeko. Anzanga andikakamiza kuti ndilembeko mawu, ati poti ine ndi amene ndinkakangana nawo kuposa wina aliyense. Sindikana. Ndakhala ndikuyang'anira zophika pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa maliro a Amalawi ndi anzathu a ku Zambia kuno kum'mawa kwa London kwa zaka zambiri ndithu, ndipo palibe munthu amene anandiziziritsira mpunga kambirimbiri ngati madala amenewa. Ndinkawakonda koopsa, ndipo ankandikwiyitsa koopsa.

Ntchito yawo pa mwambo inali kuitana anthu. Osati zija za aemusi a masiku ano zomangokuwa kuti manja m'mwamba, ayi. Munthu wamkulu aliyense akafika pakhomo la holo ankayamba waima. A Ndondomeko ankakonza tayi, n'kutsokomola kamodzi, kenako n'kutchula dzina la munthuyo, mudzi wa kwawo, ubale wake ndi eni mwambo, n'kumalizira ndi mfunda wake, dzina la fuko lija anzathu a ku Chipata amati chiwongo. Mfundawo ankautchula mokoka, ngati akuitana munthu ali kutsidya la dambo. Woitanidwayo ankayankha kuti wawa, n'kulowa. Holo yonse, mmodzimmodzi. Inu ganizirani nkhuku zanga zili m'mapoto chiyambire m'mawa.

Tsiku lina ndinawalonda pakhomo la khitchini.

"A Mbewe, bwanji osangoti alendo nonse takulandirani, khalani pansi? Anthuwa ali ndi njala."

"Nabanda," anatero, "mpunga ukazizira mumautenthetsa. Munthu akalowa osaitanidwa mumutenthetsa pati?"

Ndinawayankha zamwano, koma mumtima ndinkadziwa chimene ankanena. Ambiri a ife timagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Sabata yonse umatchulidwa dzina lopotoka, mwinanso sutchulidwa n'komwe, amangokukodola ndi chala. Ndiye Loweruka mayi yemwe uja, miyendo itatupa ndi shifiti, aime pakhomo amve kuti awa ndi mayi a uje, ochokera ku Kasiya, azakhali a mkwati, Nangozo. Ndawaonapo amayi akuwongola msana pamenepo, n'kulowa pang'onopang'ono, chikwama chili pamkono, ngati holoyo anamanga ndi bambo awo. Inenso ndinkatero, ndisaname.

Anabadwira ku Mchinji, kufupi ndi malire, choncho Amalawi tinkati ndi athu, a ku Zambia nawo ankati ni ba mudala bathu. Iwo ankangoseka, ankati malirewo anapeza agogo awo akulima kale mbali zonse ziwiri. Ali mnyamata anagwirapo uweyitala mu hotela ina ku Lusaka, kenako anabwera kuno n'kukalamba akuperekera zakudya pa maphwando a anthu olemera m'katikati mwa London. Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anakhazikika ku Joni. Kuno analibe m'bale ngakhale mmodzi. Ankakhala okha m'kafulati ku Barking, pamwamba pa sitolo ya makapeti.

Mifunda sankailemba paliponse, yonse inali m'mutu. Ankaisaka okha. Akamva munthu akulankhula Chichewa pafoni mu sitima ya District, ankasuntha n'kukakhala naye pafupi, kudikira amalize, kenako n'kufunsa kuti kwanu n'kuti, nanga ndinu ayani. Kangapo konse anapitirira siteshoni yawo mpaka kukatsikira ku Upminster, kumapeto a njanji, chifukwa mnyamata wina sankadziwa mfunda wa amayi ake ndipo iwo anamuumiriza aimbe foni kumudzi pomwepo. Ana obadwira kuno ankawathawa, koma akakula ankabwera okha kudzafunsa kuti agogo, ife ndife ayani?

Pa nkhani ya woyamba kulowa ndani, analibe chisoni. M'busa wina, amene sindimutchula, anabwera ndi pepala la maudindo ake, mizere itatu, n'kulamula kuti pa madyerero a ukwati aitanidwe iye poyamba. A Ndondomeko anawerenga pepalalo mpaka pansi, n'kulipinda bwinobwino, n'kumuuza kuti kutchalitchi woyamba ndi iyeyo, koma pa madyerero oyamba ndi ankhoswe, chifukwa banjalo likadzavuta usiku ndi iwo amene adzadzutsidwe. M'busayo anakwiya miyezi iwiri. Pa ukwati wa mwana wake anabwera yekha kudzawapempha.

Koma chimene sitidzaiwala ndi ukwati wa Takondwa.

Takondwa ndi mwana wa mnzanga Namwale, nesi wa kuchipatala chachikulu cha ku Romford. Bambo ake omubereka, a Nkhoma, anachoka mwanayo ali ndi zaka ziwiri n'kukayamba banja lina kumpoto kwa dziko lino. Amene anamulera ndi a Deni, mzungu woyendetsa basi, wamtali, wamimba, wosalankhulalankhula, amene anakwatira Namwale mwanayo asanayambe sukulu. Takondwa atapeza mwamuna, mnyamata wa kwa Sakala wa ku Thamesmead, makolo ake ochokera ku Katete, a Nkhoma anatulukira. Suti anagula ndithu. Akuchimuna nawo anati akufuna kumva bambo weniweni wa mkwatibwi akuitanidwa, kuti adziwe magazi amene akulowa m'banja mwawo.

Vuto linali apa. Anthu opanda mfunda, kaya azungu, kaya anzathu a ku Nigeria, a Ndondomeko ankawaphatikiza pamodzi kumapeto, n'kungoti ndi abwenzi onse a banja. Ankati sikuwanyoza, koma sangaitane munthu ndi dzina limene alibe. Ndiye kuti pa ukwati wa mwana amene anamulera okha, a Deni akanalowa m'gulu la abwenzi a banja, limodzi ndi anzawo a kuntchito.

Takondwa anandipempha ndimuperekeze kwa madalawo. Mwanayu Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, monga achitira onsewa. Tsiku limenelo anadzikakamiza kulankhula chakwathu, mawu akumuvuta.

"Agogo, adadi anga ndi a Deni. Mukapanda kuwaitana ngati bambo anga, ine mu holomo sindilowa."

"Mwana wanga," anatero a Ndondomeko, "iwe ndiwe Nankhoma. Zimenezo sindingazisinthe ngakhale utalira. Pa maikolofoni sindinanamepo."

Ine ndinapsa mtima.

"Akukuuzani kuti muname ndani? Tsitsi la mwanayu ankaluka ndani amake ali kuntchito? Zala zija ngati nthochi zinaphunzira kuluka pa chidole, ine ndikuona. A Nkhoma anuwo anali kuti? Mwakalamba ndi mwambo m'mutu, koma mtima munausiya ku Mchinji."

"Nabanda, mwamaliza?"

"Sindinamalize."

"Mukamaliza mutseke chitseko, mphepo ikulowa."

Tinatuluka. Takondwa analira pa siteji ya basi, anthu akutiyang'ana, ine ndikulumbira kuti tingopeza mnyamata wa zoimbira aziitana anthu ndi manambala a matebulo. Namwale anakana. Anati akuchimuna agwirizana kale ndi a Ndondomeko, ndipo kuwachotsa kukanakhala kuyambitsa nkhondo ukwati usanachitike. A Deni okha anati zilibe kanthu, akhala kumbuyo, bola mwana akwatiwe. Ananena akuyang'ana pansi, ndipo tonse tinaona kuti zinali ndi kanthu.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa zimene madalawa anachita zinachokera kutali. Mfumukazi ya dziko lino itamwalira, anandiimbira foni m'mamawa kuti Nabanda, valani nsapato zoyendera, tikaone anzanga a ntchito. Ndinapita, sindidziwa chifukwa chake. Tinakwera sitima mpaka m'katikati mwa mzinda, n'kuima m'chikhamu cha anthu miyendo mpaka kuuma. Kenako malipenga analira, n'kutulukira azibambo ovala malaya olimba ngati makatoni, opetedwa ndi ulusi wagolide, ofiira ndi abuluu, mikango ili pachifuwa ndi kumsana komwe, zipewa za nthenga kumutu. Mmodzi anatambasula chipepala n'kuwerenga mokweza kuti tsopano dziko lili ndi mfumu yatsopano.

"Anthu akuluakulu kuvala ngati makadi a juga," ndinanong'ona.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anandifotokozera kuti amenewo ndi olengeza a kunyumba yachifumu, ndipo akuluakulu awo amatchedwa mafumu ngakhale alibe mudzi. Ndi iwo amasunga mbiri ya mabanja, kuti uje anabala uje, ndi zizindikiro za banja lililonse, zija mumaziona pa zipata ndi pa mawindo a matchalitchi akale. Pa mwambo waukulu ndi iwo amadziwa woyenda patsogolo ndi woyenda pambuyo. Anati ena mwa iwo anawaperekerapo supu m'mahotela, ndipo anawafunsa mafunso mpaka bwana wawo anawadzudzula. Atamaliza kuwerenga mkulu uja, a Ndondomeko anagwedeza mutu n'kunena kuti mawu ali nawo, koma akuthamanga, sakupatsa dzina mpata wotera.

Tili mu sitima pobwerera anandiuza chinthu china chimene chinkawazunguza. Anati akuluakulu amenewo sasunga zakale zokha. Munthu amene agogo ake analibe chizindikiro, akafufuzidwa n'kupezeka woyenera, iwo ali ndi mphamvu yomupatsa chake, n'kuchilemba, ndipo kuyambira pamenepo ndi chake ndi cha ana ake. Anati poyamba ankaona ngati ndi chinyengo, koma kenako anadzifunsa kuti kodi Mbewe woyamba anamupatsa mfunda ndani. Ine ndinali ndi njala, maganizo ali pa chakudya.

Tsopano zimene zinachitika m'masabata atatu otsala ukwati usanafike, ine sindinkazidziwa. Ndinazimva pambuyo pake kwa a Deni eni ake. Akuti m'mawa wina anangoona madala a suti akukwera basi yawo ku Barking, n'kukhala mpando wa kutsogolo, chete, mpaka ku Romford. Osatsika. Kubwerera nayo. Mawa lake chimodzimodzi. Pa nthawi yopuma, kumapeto a ulendo, ankawagulira tiyi n'kuyamba mafunso. Makolo anu anali ayani? Ankagwira ntchito yanji? Mwanayu atagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa inu munali kuti? Mukakwiya mumatani? A Deni akuti anayamba kuganiza kuti mwina madalawa anatumidwa ndi boma.

Madalawo anafunsanso anthu ena, aneba, ngakhale mphunzitsi wakale wa Takondwa amene anakumana naye pamsika wa ku Romford. Anaonanso okha kuti a Deni sanyamutsa basi nkhalamba isanakhale pansi, ndipo akuti zimenezo anaziwerengera. Atakhutira, anaimba foni ku Mchinji kwa alongo awo aakulu, Nambewe, amene ndiwo anali mutu wa banja lawo. Analankhula nthawi yaitali. Gogoyo akuti anafunsa funso limodzi lokha, loti kodi mzunguyo amadya mbewa, poti a kwa Mbewe sadya. Atamva kuti sanaionepo n'komwe pa mbale, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndiye ndi wathu kale ameneyo.

Kenako anakhala pansi ndi a Deni n'kuwauza kuti mfunda si baji yomata pa jekete, ndi katundu. Ukautenga, maliro a kwa Mbewe ndi ako, milandu yawo ndi yako, ndipo wamkulu akakutuma sufunsa kuti bwanji. A Deni anapempha tsiku limodzi loganiza. Anabwera tsiku lomwelo madzulo. Anagwirizana kuti asauze munthu, makamaka ine.

Tsiku la ukwati, masana, titachoka kutchalitchi, Takondwa anakhala m'galimoto panja pa holo ya ku Barking, zenera lili lotsegula, n'kunena kuti satsika mpaka amve. Mwamuna wake, mwana wa eni, anangokhala pambali pake thukuta lili kamukamu. Ine ndinasiya mapoto n'kukaima pakati pa galimoto ndi chitseko.

A Ndondomeko anayamba monga mwa nthawi zonse, osafulumira. Ankhoswe a mbali zonse. Makolo a kwa Sakala. Namwale. Kenako anati:

"Bambo omubereka mkwatibwi, ochokera ku Dowa, amene anamupatsa mfunda umene timuitane nawo lero. Nkhoma."

A Nkhoma anayankha, n'kulowa ndi suti yawo yatsopano. Ndinayang'ana m'galimoto, Takondwa anali ataphimba nkhope ndi manja. A Deni anali ataima kumapeto a mzere ndi madalaivala anzawo, manja kumbuyo. Ndinati basi, ukwati watha, ndipo madala awa ndiwathira supu pa suti.

A Ndondomeko anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Tsopano ndiitana wa kwathu," anatero. "Nonse mukudziwa kuti kuno ndilibe m'bale. Lero ndili naye. Kubereka n'kwina, kulera n'kwina, ndipo zonse ziwiri eni ake ali pano. Ndafufuza, ndafunsa alongo anga aakulu ku Mchinji, ndipo avomera. Munthu uyu anabadwira ku Dagenham, bambo ake anali omanga nyumba, mayi ake ankaphikira ana kusukulu. Mkwatibwi wathuyu wakulira m'manja mwake. Kuyambira lero ndi mng'ono wanga. Bambo omulera mkwatibwi, a Deni."

Anaima kaye, monga ankachitira, kupatsa dzina mpata.

"Mbewe."

Chimzungu chija chinayenda mpaka pakhomo, nkhope ili psuu, n'kupinda mawondo pang'ono, n'kuwomba m'manja katatu monga anawaphunzitsira m'chipinda chopumira madalaivala.

"Wawa, achimwene."

Nthungululu imene inalira pamenepo, aneba anatsegula mawindo. Ine ndinalira ngati mwana, epuloni ili kumaso. Azakhali a mkwati, amene ndiwo ankalimbikira kwambiri za magazi, anayang'ana amuna awo n'kunena kuti, "Manje tizakamba chani? Munthu ali na chiwongo, ni ba Mbewe." Takondwa anatsika m'galimoto akuthamanga, maluwa kuwaiwala pampando, ndipo a Ndondomeko anamuimitsa pakhomo ndi dzanja, chifukwa ngakhale mkwatibwi salowa asanaitanidwe. Anamuitana kuti Nankhoma, woleredwa kwa a Mbewe.

Chimene chinandimaliza ndi a Nkhoma. Ndinkaopa kuti anyanyala. Koma poti anali ataitanidwa poyamba, ndi ulemu wonse, analibe chowanyanyalitsa. Anaimirira, kupita pomwe panali a Deni, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwandilerera mwana," anatero. "Zikomo, Mbewe."

Madzulo ake ndinawapeza a Ndondomeko akudya mpunga wanga mwakachetechete.

"Munandiliza dala," ndinatero. "Bwanji osandiuza?"

"Kufufuza sikufuna anthu aphokoso, Nabanda. Nkhukuyi mchere wachepa."

Ena ankaganiza kuti zinali za tsiku limodzi, zokometsera ukwati. Sanawadziwe anthu awiriwa. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse a Deni ankakwera masitepe a kafulati kaja atanyamula zogula. Ankatumidwa ngati mwana, kukagula mabatire, kukatenga suti kochapitsa, ndipo akachedwa ankakalipiridwa pamaso pa anthu, bambo wa imvi zake. Ankangoti pepani achimwene. Madalawo atayamba kudwala, kuchipatala anafunsa kuti wachibale ndani, ndipo anesi anayang'ana kawiri pamene onse awiri anayankha nthawi imodzi kuti uyu.

Atamwalira, ife tinkakambirana za amene aperekeze thupi kumudzi, poti ambiri ntchito sizikanatilola. A Deni anadabwa kuti tikukambirana chiyani. Anatenga tchuthi, kukwera ndege, mpaka ku Mchinji, munthu woti sanapondepo mu Africa. Anakakhala pa maliro mpaka kusesa. Anabwerako atapsa ndi dzuwa, mphuno ikusupuka, akusimba moseka kuti Nambewe anawagwira nkhope ndi manja onse awiri n'kunena kuti Mbewe uyu ndiye wanenepa bwino. Akuti anawaonetsa munda wawo, ndi malo awo kumanda, pafupi ndi achimwene awo. Namwale anati zimenezo tidzakambirana.

Loweruka lapitali tinasonkhana mu holo yomwe ija ya ku Barking kuwakumbukira. Panalibe woitana. Malo amene a Ndondomeko ankaima ndi kudzanja lamanzere ukamalowa, pakati pa chitseko ndi chitsulo chotenthetsera m'nyumba, pomwe pali kambedza kokolekapo jasi. Palibe anaikapo mpando, palibe anakolekapo kanthu. Anthu ankafika pakhomo n'kuchepetsa liwiro okha, kuima pang'ono, kenako n'kukumbuka, n'kulowa.

A Deni anaima chapomwepo, atavala tayi, koma sitepe imodzi kumbuyo. Olowa amene ankawadziwa mifunda yawo, iwo ankawapatsa moni chapansipansi, Phiri, Nangozo, Sakala, mifunda ina akuilakwitsa, anthu n'kumawakonza akuseka. Ndinapita n'kuwauza kuti a Mbewe, sunthirani kutsogoloku, malowa ndi anu tsopano, maikolofoni nayi.

Anapukusa mutu.

"Achimwene sanandiuze kuti ndisunthe," anatero m'Chichewa chawo chopotoka chija.

Ndinawasiya. Pakati pa iwo ndi chitseko panatsala mpata wokwana munthu mmodzi, ndipo aliyense wolowa ankaulambalala.